Mbiri ya Dzimbiri pa Thupi la Galimoto

Mu Okutobala 1980, fakitale ya MG m'tauni ya Abingdon, kufupi ndi Oxford ku England, inatulutsa galimoto yake yotsiriza, zitseko n'kutsekedwa. Galimoto imene inatchukitsa fakitaleyo m'zaka zake zomaliza inali ya mtundu wa MGB, kagalimoto kotsika, kamipando iŵiri, kamene denga lake kaŵirikaŵiri linali la nsalu yopinda. Inayamba kupangidwa mu 1962, ndipo m'zaka 18 zimenezo anatulutsa magalimoto oposa 500,000, ambiri mwa iwo n'kuwoloka nyanja kukagulitsidwa ku America. Injini yake inali yopirira ndi yosavuta kukonza, mwakuti makaniko wamba ankaimasula ndi kuibwezera popanda kufunsa munthu. Koma eni magalimotowo anadzaona chinthu chodandaulitsa: injini ikali kulira bwino lomwe, thupi la galimoto linali litayamba kale kufumbwa m'kati, monga m'mene anankafumbwe amachitira ndi chimanga m'nkhokwe, kunja kukuoneka ngati zonse zili bwino.

Mdani ameneyu omvera onse akumudziŵa, pakuti ndi yemweyo amene amadya khasu loiŵalika m'munda ndi mpeni wogona pamame. Dzimbiri limabadwa pamene chitsulo, madzi ndi mpweya wa okosijeni zakumana. Chitsulo chimachokera m'miyala ya pansi pa nthaka, m'mene chinali chophatikana kale ndi okosijeni, ndipo ng'anjo ndiyo imachilekanitsa mwa mphamvu ya moto. Tsono kuchita dzimbiri ndiko kubwerera kwa chitsulo kwao. Choipa chake n'chakuti dzimbiri limatenga malo ambiri kuposa chitsulo chimene ladya, choncho limatupa, limasweka, limayoyoka, n'kusiya chitsulo chatsopano pamtunda kuti nacho chidyedwe. Ndiponso limamwa madzi ndi kuwasunga. Mchere ukaloŵa m'madziwo, ntchito ya chaka imagwirika pa miyezi yoŵerengeka.

Magalimoto oyambirira sankavutika kwambiri ndi nthenda imeneyi. Matupi ao ankapangidwa ndi amisiri omwewo amene ankapanga ngolo za akavalo: mafupa a matabwa, pamwamba n'kukhomapo zipande za chitsulo kapena za aluminiyamu, zonsezo n'kuzikhazika pa chasisi ya zitsulo zochindikala. Mdani wao weniweni anali kuola kwa matabwa. Zinthu zinasintha ndi Edward G. Budd wa mumzinda wa Philadelphia, amene anakhazikitsa kampani yake mu 1912 ndi cholinga chopanga matupi a chitsulo chokhachokha, chodindidwa m'zikombole ndi makina amphamvu, n'kulumikizidwa mwa kuwotcherera. Pamene abale aŵiri a Dodge anayamba kugulitsa galimoto yao mu 1914, thupi lake linachokera kwa Budd. André Citroën anatengera luso limeneli ku France mu 1924, ndipo William Morris anagwirizana ndi Budd kukhazikitsa kampani ya Pressed Steel ku Cowley, m'mbali mwa Oxford, mu 1926. Kampani yomweyi ndiyo inadzadinda matupi a MGB patapita zaka zoposa 30.

Kenaka amisiri anafunsana kuti chasisi n'njachiyani ngati thupi lachitsulo lingathe kudzinyamula lokha. Citroën Traction Avant ya 1934, Opel Olympia ya 1935 ndi Morris Minor ya 1948 zinali zina mwa zipatso za ganizo limeneli. Galimoto inapepuka, mafuta inayamba kumwa pang'ono, mtengo unatsika. Komatu mphamvu ya thupi lotere ili m'mapindidwe a chitsulo chopyapyala, chimene nthaŵi zambiri sichifika ngakhale milimita imodzi kuchindikala kwake. Amachipinda kuti chikhale ngati mabokosi aatali otsekeka, ndipo mabokosi ameneŵa ndiwo mafupa a galimoto. M'kati mwake simufika dzanja, simufika bulashi, simufika diso. Chinyezi chokha ndicho chimafikamo.

Chifukwa chimene dzimbiri limakondera malo obisika chinalongosoledwa bwino ndi katswiri wa ku yunivesite ya Cambridge, Ulick Richardson Evans, m'zaka za m'ma 1920. Iye anaika dontho la madzi a mchere pa chitsulo choyera, n'kuliyang'anitsitsa. Anapeza kuti chitsulo sichidyeka m'mphepete mwa dontho, m'mene mpweya ukufika wambiri, koma pakati peni peni, pamene mpweya ukusoŵa. Dontholo linali litasanduka kabatire kakang'ono, magetsi akuyenda kuchokera mbali ina kunka mbali ina, ndipo mbali yosoŵa mpweya ndiyo inali kulipira. Ichi n'chinthu chozizwitsa, popeza munthu angaganize kuti kumene kuli mpweya wambiri ndiko dzimbiri liyenera kukula. Koma chimafotokoza bwino lomwe chifukwa chimene galimoto imayambira kuboola pa misoko, pamene zipande ziŵiri zasanjikizana, pansi pa matope oumirira, ndi kuseri kwa mphira wa magalasi, pamene denga lake, limene limakhala pamvula ndi padzuŵa chaka chonse, limakhala bwinobwino.

Mankhwala a dzimbiri anali atadziŵika kale galimoto isanabadwe. Mu 1742, Mfalansa wina wotchedwa Paul Jacques Malouin anaonetsa kuti chitsulo chingathe kuviikidwa mu zinki wosungunuka n'kutuluka chitavala chovala chotuŵa. Mu 1824, Humphry Davy anapatsidwa ntchito yofufuza chifukwa chimene mkuwa wokuta pansi pa zombo za nkhondo za Britain unali kudyekera m'madzi a m'nyanja. Iye anakhomerera tizidutswa ta zinki ndi ta chitsulo pa mkuwawo, ndipo tizidutswato ndito tinayamba kudyeka, mkuwa n'kupulumuka. Akuluakulu a zombo sanakondwe nthaŵi yaitali, chifukwa mkuwa wosadyekawo unaleka kuthamangitsa ndere ndi nkhono za m'nyanja, zombo n'kuyamba kuyenda molemera. Komabe phunziro linatsala: zitsulo ziŵiri zosiyana zikakhudzana pachinyezi, chimodzi chimadzipereka kufera chinzake. Mu 1837, Stanislas Sorel analandira ku France chikalata cha umwini wa luso lokuta chitsulo ndi zinki. Malata amene afolera masukulu, matchalitchi ndi nyumba zambiri m'Malaŵi muno ndi ana a luso limeneli. Lata likakandika ndi msomali, pokandikapo sipachita dzimbiri msanga, chifukwa zinki wa m'mbali amayamba ndiye kudyeka.

Nanga n'chifukwa ninji opanga magalimoto anatenga zaka zambirimbiri asanatsate njira ya malata? Zifukwa zake zinali za m'fakitale. Chitsulo chokutidwa ndi zinki chinali chovuta kuwotcherera ndi makina a madontho, popeza zinki ankaononga milomo ya makinawo. Utoto sunkagwira bwino pa zinki, ndipo maŵanga onga maluŵa amene amaoneka pa lata latsopano ankaonekera ngakhale pansi pa utoto. Pamwamba pa zonsezo panali mtengo. Ndipo tisabise, wogulitsa galimoto sankataya tulo poganiza za munthu amene adzaigule kachitatu, patapita zaka 10.

M'malo mwake anadalira njira ina. Mu 1906, Mngerezi wina, Thomas Watts Coslett, anapeza kuti chitsulo chikaŵiritsidwa mu asidi wa fosiforasi chimamera kakhungu kotuŵa komamatira zolimba. Kampani ya Parker Rust-Proof ya ku Detroit, yokhazikitsidwa mu 1915, inakulitsa luso limeneli, ndipo m'kupita kwa nthaŵi linasanduka mwambo wa mafakitale onse. Kakhungu ka fosifeti pakokha sikatchinga madzi kwenikweni. Ntchito yake n'njopatsa utoto pogwira ndi kuletsa dzimbiri kukwaŵa pansi pa utoto pamene pakandika. Itatha nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, mafakitale ena a ku Britain anagwiritsa ntchito njira yotchedwa Rotodip: thupi lonse la galimoto ankalitunga pa mtengo wachitsulo wautali, monga mbeŵa pa mpani, n'kumalizunguza podutsa m'mathanki a mankhwala otsukira, a fosifeti ndi a utoto wapansi. Galimoto ya Mini, imene inatuluka mu 1959, inali ndi boo lalikulu kutsogolo ndi kumbuyo kwa chipinda chokhalamo anthu, lopisapo mpani umenewu. Njirayi inali yanzeru, koma inali ndi chilema. M'makona mwa mabokosi munkatsala mpweya umene unkaletsa utoto kuloŵa, ndipo thupi likaloŵa mu uvuni kukauma, nthunzi ya mafuta osungunulira utoto inkatsikira m'makoma a m'kati n'kukokolola utoto umene unali utangogwira kumene.

Pamene amisiri ankalimbana ndi zimenezi, maboma a maiko ozizira anabweretsa tsoka lina mosadziŵa. Kumeneko m'nyengo yachisanu madzi amaundana pamsewu, magalimoto n'kumaterereka, anthu n'kumafa. Mchere umasungunula madzi oundana. Chigawo cha New Hampshire ku America chinayamba kuthira mchere m'misewu yake monga lamulo m'chisanu cha 1941 mpaka 1942, ndipo chisanu chimenecho dziko lonse la America linathira matani pafupifupi 5,000. Pofika mu 1955 anali atafika matani 1 miliyoni pachaka, ndipo pofika cha m'ma 1970 anali pafupi ndi matani 10 miliyoni. Ku Britain mchere wambiri wa m'misewu unkachokera mu mgodi wa Winsford m'chigawo cha Cheshire. Miyoyo inapulumuka, palibe wotsutsa. Koma mateyala ankaŵaza madzi a mcherewo m'misoko yonse ya pansi pa galimoto, ndipo mchere, pokhala wokoka chinyezi, unkapitiriza ntchito yake ngakhale galimoto ili m'galaja.

Kuno kwathu kulibe mchere wa m'misewu, ndipo n'chifukwa chake galimoto yakale ya kuno kaŵirikaŵiri imatha injini ndi masipuling'i thupi likali lolimba. Osonkhanitsa magalimoto akale a ku Europe akhala akufunafuna matupi a kumaiko ouma, monga California, Arizona ndi madera a m'kati mwa South Africa, pa chifukwa chomwechi. Komabe dzimbiri la kuno lili ndi abwenzi ake: matope a dzinja oumirira m'madigadi, amene amasunga chinyezi mpaka m'chilimwe, ndi feteleza wotayikira kumbuyo kwa lole, amene amadya chitsulo mofanana ndi mchere. Land Rover, imene inayenda m'misewu ya fumbi ya Nyasaland itanyamula akuluakulu a boma, amishoni ndi a zaulimi, ili ndi nkhani yakeyake. Pamene inaonetsedwa koyamba ku Amsterdam mu Epulo 1948, chitsulo chinali chosoŵa ku Britain ndipo boma linkachigaŵa mwa muyeso, tsono kampani ya Rover inapanga zipande za thupi ndi aluminiyamu wotchedwa Birmabright. Aluminiyamu amamera kakhungu kake kolimba kamene kamamutchinjiriza. Koma chasisi, khoma la pakati pa injini ndi dalaivala, ndi mafelemu a zitseko zinali zachitsulo, ndipo pamene zitsulo ziŵirizo zinakhudzana pachinyezi, lamulo la Davy linagwira ntchito: aluminiyamu ndiye ankadyeka, n'kumatuluka ufa woyera m'munsi mwa zitseko.

Zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ndizo zinali za manyazi. Ku Britain boma linayamba kuyesa magalimoto chaka ndi chaka mu 1960, poyamba okhawo a zaka 10, ndipo pofika mu 1967 onse opitirira zaka 3. Oyesawo anayamba kugogoda pansi pa magalimoto, ndipo ambiri anatumizidwa kudzala la zitsulo injini zao zikali zamoyo. Anthu wamba anadzifunira okha chithandizo. Ku Sweden, bungwe la oyendetsa magalimoto linalimbikitsa njira yoboola timaboo m'mabokosi a thupi ndi kupoperamo mafuta oletsa dzimbiri, ndipo ku Detroit, Kurt Ziebart, makaniko wochokera ku Germany, anayamba malonda a ntchito yomweyo mu 1959. Chimake cha manyazi chinafika mu 1980, pamene nyuzipepala za ku Britain zinaulula kuti magalimoto ena oyambirira a Lancia Beta, ochokera ku Italy, anali kuola pamalo pamene pamagwira felemu yonyamula injini. Kampaniyo inagula magalimoto ambiri kwa eni ake n'kuwaphwanya. Mbiri yake ku Britain sinadzukenso, ndipo m'zaka za m'ma 1990 inaleka kugulitsa magalimoto m'dzikomo.

Chipulumutso chinachokera ku magetsi, omwewo amene Evans anawapeza akuononga chitsulo m'dontho la madzi. Mathanki akale a utoto anali oopsa pa moto. Mu 1953 fakitale yaikulu ya General Motors ku Livonia, m'chigawo cha Michigan, inapsa yonse pamene nthethe za moto wodulira chitsulo zinagwera m'mafuta oletsa dzimbiri. Ku kampani ya Ford, katswiri wotchedwa George Brewer anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kufufuza utoto wosungunulidwa m'madzi, umene ungakokedwe ndi magetsi. Thupi la galimoto limamizidwa m'thanki, magetsi n'kuyatsidwa, ndipo tinthu ta utoto timathamangira kukamatirira pa chitsulo. Luso lake lagona apa: pamalo pamene utoto wagwira, magetsi saloŵanso, tsono amasamukira pamene pakali chitsulo chosavala, n'kumaloŵerabe m'kati mwa mabokosi kufikira malo amene bulashi sinafikeko chiyambire. Ford inayamba kumiza matupi a magalimoto mwa njira imeneyi ku fakitale ya Wixom mu 1963. Poyamba magetsi ankayenda mwa njira imene inkasungunula pang'ono chitsulo cha thupilo, koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anatembenuza kayendedwe kake, ndi utoto watsopano umene kampani ya PPG ya ku Pittsburgh inatsogola kupanga, ndipo chitetezo chinakula koposa. Nayenso zinki anafika potsiriza. Porsche inayamba kupanga thupi la galimoto yake ya 911 ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki kuyambira magalimoto a chaka cha 1976, ndipo Audi inachita chimodzimodzi pa magalimoto a anthu wamba m'ma 1985 ndi 1986.

Zonsezi MGB zinaipeza itakalamba kale. Inajambulidwa utoto wa magetsi usanafale, ndipo mapangidwe ake anali okomera dzimbiri. MGA, imene inaitsogolera, inali ndi chasisi; MGB inalibe. Popeza inalibenso denga lachitsulo, mphamvu yaikulu yogwira kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto inali m'mitanda iŵiri ya pansi pa zitseko, imene Angerezi amaitcha sill. Mtanda uliwonse unali wa zipande zinayi zowotchereredwa pamodzi: chakunja chooneka ndi maso, cham'kati, china choimirira pakati pa ziŵirizo, ndi china chapansi chogwira zonsezo. Nsonga za mtandawo zinabisika kuseri kwa madigadi, kumene mateyala amaponyako matope. Mtanda ukaola, galimoto imayamba kuŵerama pakati, ndipo chizindikiro chake ndi mpata wa chitseko umene umapanikizika kumwamba, chitseko n'kumavuta kutseka.

Pamene MGB inali galimoto yakutha ya mtengo wotsika, ambiri ankangoibisa zilonda. Ankagula chipande chopyapyala chovundikira mtanda woola, n'kuchiwotcherera pamwamba, m'kati mukali fumbi lofiira lokhalokha. Maenje ankawatseka ndi phala louma msanga limene amisiri amalitcha fila, limene linafala kuyambira m'zaka za m'ma 1950 m'malo mwa mtovu wosungunula umene amisiri akale ankasalazira misoko. Pamwamba ankapopera utoto wonyezimira, pansi n'kupaka phula lakuda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Phula lija likauma linkang'ambika, madzi n'kuloŵa kuseri kwake osatulukanso, mwakuti chimene anachiika kuti chiteteze ndicho chinkasunga chinyezi. Fila nayenso amamwa madzi ngati kumbuyo kwake kuli boo. Ngakhale mtovu wa akale unali ndi msampha wake, pakuti mankhwala a asidi ogwiritsira mtovu pa chitsulo, akapanda kutsukidwa bwino, ankadzutsa matuza pansi pa utoto patapita miyezi.

Fakitale ya Abingdon itatsekedwa, mitima inatembenuka. Galimoto imene dzulo inali yakutha inasanduka chuma cha makolo, ndipo anthu anayamba kuifuna kuti aibwezere mwakale. Makampani ang'onoang'ono anayamba kudinda zipande zoloŵa m'malo, zimene amisiri amazitcha mapanelo, pokopera zakale. Zina zinali zabwino, zina zinali za chitsulo chopyapyala koposa, zosakwana bwino, zofuna tsiku lathunthu la nyundo kuti zikhale pamalo pake. Apa ndipo kampani ya British Motor Heritage, nthambi yosunga zakale ya kampani yaikulu imene inali itameza MG, inachita chinthu chimene ambiri ankachiyesa maloto. Mmodzi wa akuluakulu ake, David Bishop, anayendayenda m'mafakitale kufunafuna zikombole zenizeni zimene zinkadinda thupi la MGB, zisanaphwanyidwe. Zambiri zinapezeka, zinakonzedwa, ndipo mu 1988 kafakitale kakang'ono ku Faringdon, m'chigawo cha Oxfordshire, kanayamba kutulutsa matupi atsopano athunthu a galimoto imene inali italeka kupangidwa zaka 8 m'mbuyomo. Munthu ankatha kugula thupi latsopano, n'kusamutsiramo injini, magiya, mipando ndi nyale za galimoto yake yoola. Pambuyo pake anachita chimodzimodzi ndi MG Midget, Triumph TR6 ndi Mini, ndipo ntchitoyo inasamukira ku Witney.

Ntchito imeneyi inabala mwana amene palibe anamuyembekeza. Poona kuti thupi la MGB likupangidwanso, kampani ya Rover inatulutsa MG RV8 mu 1992, galimoto yatsopano yomangidwa pa thupi lomwelo losinthidwa pang'ono, koma tsopano la chitsulo chokutidwa ndi zinki. Anapanga pafupifupi 2,000 kufikira mu 1995, ndipo ochuluka anagulitsidwa ku Japan. Inabalanso mkangano pakati pa okonda magalimoto akale: galimoto imene thupi lake lonse lasinthidwa, kodi ikali yomweyo ya 1965? Ena amati chitsulo cha ku Abingdon n'chofunika kuchisunga ngakhale chikhale cha zigamba zokhazokha. Ena amati galimoto inapangidwira kuyenda, ndipo mtanda wolimba ndiwo ungapulumutse munthu pangozi. Pa mfundo yachiŵiriyi n'kovuta kuwatsutsa.

Koma panelo yatsopano siithetsa nkhani, ndipo apa ndi pamene mmisiri wobwezeretsa galimoto yakale amasiyana ndi fakitale. Fakitale imayamba yawotcherera thupi lonse, kenaka n'kulimiza m'thanki. Mmisiri wa m'galaja amachita mobwerera: amalandira panelo yovala kale, n'kuiotcha ndi moto wake. Paliponse pamene wawotcherera, utoto wa kuseri umapsa, ndipo kuseriko kaŵirikaŵiri ndi m'kati mwa bokosi limene iye mwini wangolitseka kumene. Chitsulo chimene chapsa ndi moto chimachita dzimbiri msanga kuposa chinzake. N'chifukwa chake galimoto zambiri zobwezeretsedwa mothamanga zinayambanso kutupa pa misoko yatsopano zaka zoŵerengeka zokha zitapita.

Mmisiri wodziŵa amayamba ndi kukayikira utoto wakuda umene panelo yabwera nawo. Utoto wakuda uli paŵiri. Wina ndi wa magetsi uja wa Brewer, wouma mu uvuni, wolimba, woyenera kuusiya ndi kungoukwecha pang'ono kuti utoto wotsatira ugwire. Wina ndi wongoteteza panelo paulendo ndi m'sitolo, wopyapyala, ndipo nthaŵi zina pansi pake pamakhala patayamba kale dzimbiri. Kuwasiyanitsa n'kosavuta: kansalu konyika mu thina kakapukuta, woyambawo sugwedezeka, wachiŵiriwo umatsalira pa kansalu, ndipo wotere ngwofunika kuuchotsa wonse mpaka chitsulo chiyere. Chitsulo choyera sichidikira. Chikagona usiku umodzi m'nyengo ya mvula chimadzuka chitafiira, ndipo thukuta la chala limasiya chidindo chake chimene chimadzaonekera pansi pa utoto.

Panelo imayesedwa pamalo pake kambirimbiri, kudulidwa, kuboolwa ndi kuwongoledwa isanapakidwe kanthu, chifukwa boo lililonse loboola pambuyo pake ndi khomo la dzimbiri. Nkhope ziŵiri zimene zidzasanjikizana pa msoko zimapakidwa utoto wokhala ndi ufa wa zinki, umene umalola magetsi a wowotcherera kudutsa, kuti Sorel akakhale m'kati mwa msoko m'mene munthu sadzaonamonso. Utsi wa zinki wotenthedwa umadwalitsa, munthu n'kumva ngati wagwidwa malungo usiku wake, tsono ntchitoyi imafuna malo opita mphepo. Kuwotcherera kukatha, malo opsa amapalidwa mpaka kuŵala, n'kupakidwa utoto wapansi wa epoxy, wosakaniza mankhwala aŵiri, umene sulola madzi kudutsa. Pano ambiri anagwa m'mbuna: utoto wapansi wotuŵa wa masiku onse, umene amisiri amaukonda chifukwa chosavuta kukwecha, uli ndi timaboo tosaoneka ndipo umamwa chinyezi, mwakuti galimoto yoimikidwa miyezi itavala utoto umenewu wokha imachita dzimbiri pansi pake. Fila, ngati afunika, amakhala wochepa, pa chitsulo chathunthu chopanda boo. Msoko uliwonse umamatidwa ndi phala lofeŵa losang'ambika, kenaka utoto wa mtundu wa galimoto umabwera, kuseri kwa panelo ndi kumaso komwe.

Chotsiriza ndi m'kati mwa mabokosi, ndipo apa njira ya ku Sweden ija ikali kugwira ntchito. Sera wosungunulidwa m'mafuta opepuka amapoperedwa ndi kapaipi kakatali kopindika, koloŵetsedwa pa timaboo, kamene kamamwaza mbali zonse. Ntchitoyi imachitika utoto utatha, chifukwa sera akakhudza malo osapakidwa, utoto sugwiraponso, ndipo kuwotcherera pafupi ndi sera n'kuitana moto. Amasankha tsiku lotentha, kapena amayamba afunditsa chitini cha sera m'madzi otentha, kuti ayende ngati madzi, akwaŵire m'misoko, akathamangitse chinyezi. Sera sauma gwa ngati phula. Amakhala wofeŵa, ndipo akakandika amadzitseka yekha, ngakhale kuti pakapita zaka zingapo amafuna kuwonjezera.

Pansi pa mtanda wa MGB, monganso pansi pa chitseko cha galimoto iliyonse, pali timaboo totulukira madzi. Madzi saiŵala khwaŵa: amaloŵa ndithu, podzera pa magalasi kapena monga mame a m'kati pamene usiku wazizira, ndipo amafuna potulukira. Mapanelo ena okopera ankabwera opanda timabooti, ndipo amisiri ena ankatitseka ndi fila kapena phula poyesa kuti akutsekera madzi kunja. Tsono sera akathiridwa, mmisiri amayala mapepala pansi, n'kugwada kuyang'ana ngati akudontha pa kaboo kalikonse. Pamene sipakudontha amapisapo kawaya.